Nkhuku Yowombolera Jacinto

Pa zinthu zonse za pansi pa thambo, pulofesolo Martinho, mphunzitsi wa pamishoni, ankaopa ziwiri zokha: bodza ndi apongozi ake. Bodza ankatha kulizemba, koma m'mawa wina wa nyengo yachisanu, anyamata onse a pashikola ya mishoni ali kumunda kukumba kachewere, a Padiri atapalasa njinga kukaona odwala, apongoziwo, mayi Rufina a ku Lifidzi, anangotulukira pachipata nkhuku ili m'khwapa.

Martinho ndiye ankasamala anyamata ogonera pashikolapo. Kuwadzutsa, kuwagawira magombeza, kuwazula matekenya, kuwamwetsa kwinini, zonsezo zinali zake. Mmodzi wa anyamatawo anali mlamu wake Jacinto, mlongo wa mkazi wake Lucinda, mwana wamwamuna yekhayo wa mayi Rufina, amene sabata yotsatirayo ankayenera kulemba ezame, mayeso a kalasi yomaliza. Tsono mkamwini sayang'anizana ndi amake a mkazi wake. Mawu amadzera mwa munthu wina, ngakhale khanda losadziwa n'kulankhula komwe. Martinho analumpha ngati waponda moto n'kukabisala kuseri kwa ngodya ya nyumba yogona ana. Mayi Rufina anafunda nsalu kumutu n'kukhala pansi mbali inayo, miyendo tambalale. Anadikira kuti mwina padutsa munthu, koma sipanadutse ngakhale galu. Pamapeto pake mayiwo anakankhira nkhuku ija, yomanga miyendo ndi luzi, pangodya penipeni pamene onse awiri akanatha kuiona.

"Iwe nkhuku," anatero, "uwafunse apongozi ngati adzuka."

Martinho ananjuta, nkhope kukhoma, n'kuomba m'manja.

"Uwauze kuti ndadzuka bwino. Kaya iwo?"

"Uwauze kuti munthu wodzuka bwino sayenda ulendo wonsewu pachisanu chotere."

"Uwafunse ngati ndiwatengere kwinini."

"Kwinini amwe okha. Uwauze kuti ndabwera kudzatenga mwana wanga. Iweyo utsala konkuno, a Padiri akudye, ine andibwezere mwana."

Nkhuku inaphethira.

"Mayi... ndikuti, nkhuku, uwauze kuti ezame ndi sabata yamawa. Mzungu woyesa ana amachokera ku Vila, kuboma kuja, kamodzi pachaka basi. Jacinto akaphonya ulendo uno, chaka chamawa adzati wakula, sadzamulolanso kulemba. Zaka zonse zija zipita m'madzi."

"Zipite. Bola mwana."

"Uwafunse kuti chalakwika n'chiyani."

"Akudziwa okha."

Apa ndi pamene panagona nkhani. Martinho sankadziwa kanthu. Iye anangoganiza kuti pali wina wakamuneneza kumudzi kuti sasamala mlamu wake, ndipo anatsimikiza mtima kuonetsa kuti pashikola ponsepo palibe mwana wokondedwa ngati Jacinto. Pamene chimene chinawadzutsa mayi Rufina chinali china. Mnzawo woyandikana naye nyumba, mayi Violeta, anabwera ku misa kumishoniko, ndipo pobwerera anakawatsina khutu pachitsime: "Wanu uja ndamuona, mutu mpala, mkanjo mpaka kumapazi. Pepani, ameneyo a Padiri amutenga, akhala wansembe." Mawu akuti wansembewo mayi Rufina analumbira kuti satuluka pakamwa pawo, poti choopsa ukachitchula umakhala ukuchiitana.

Ndiye onjezanipo chibadwa cha Martinho. Munthuyu anakulira pamishoni ndipo katekisimu anamulowa m'magazi: funso, yankho, funso, yankho. Ukamufunsa panjira ngati ali ndi moto, ankati "Inde," n'kupitiriza ulendo wake.

"Uwafunse," anayamba mayi Rufina, "kodi n'zoona mwana wanga amavala mkanjo?"

"Inde."

"Wolekeza pati?"

"M'mapazi."

"Mayo ine!"

"Wofiira," anawonjeza Martinho, mtima ukubwerera m'malo, "ndi kamalaya koyera pamwamba. Anyamata oufuna analipo ambiri, koma ine ndinamunenerera kwa a Padiri."

"Anamunenerera ndani?"

"Ine."

"Iwe nkhuku, wamva? Mawu amenewo uwasunge."

"Ukumukhala bwino zedi. Akamayenda amachita kuunyamula pang'ono chonchi."

Martinho anatsina buluku lake m'mbali kuonetsa khoma mmene Jacinto amanyamulira mkanjo.

"Uwafunse za kumutu."

"Tinamumeta."

"Anamumeta ndani?"

"Ine ndemwe, ndi lumo la a Padiri. Ndinayambira iyeyo, lumo likadali lakuthwa."

"Ogo! Kwathu munthu amametedwa pamaliro kapena pachinamwali. Wamwalira ndani kuno?"

Martinho anayamba waganiza, chifukwa funso limafuna yankho loona.

"Munthu sanamwalire."

"Ndiye chinamwali."

"Za chinamwali ine sindikudziwapo kanthu."

"Anamkungwi onse amatero. Nanga tsitsilo analiika kuti?"

"Ndinalitentha."

"Anatentha! Kuti lisabwerere kwawo!"

"Kuti lisauluke," anakonza Martinho. "A Padiri safuna kuti litsale ngakhale limodzi."

Kuseri kwa ngodya kunamveka kuomba kwa manja kumodzi kokha, kuja amaomba amayi akamva kuti ng'ombe yalowa m'dimba.

"Akuti amalankhulanso chilankhulo chosamveka. Osati Chipwitikizi ayi, china."

"Chilatini. Amachitha kuposa anzake onse. M'mawa uliwonse kuguwa, a Padiri akanena, iye amayankha."

"Amayankha kuti chiyani?"

"Zambiri. Kawirikawiri amati ameni."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti zikhale choncho."

"Zikhale choncho! Osayamba wabwera kudzafunsa amake? Kamwana kadzulodzuloka? Nanga a Padiriwo amakhala atanena chiyani kuti iye azivomera?"

"Sitimva zonse. Amalankhula motsitsa, atatembenukira kukhoma."

"Eya! Ndinadziwa. Munthu wopangana zabwino sayang'ana kukhoma."

Martinho, amene mphuno yake inatsala pang'ono kukhudza njerwa, anasendera m'mbuyo pang'ono. Anaona kuti zinthu sizikuyenda, koma sanaone pamene zakodwa. Anaganiza kuti mwina akuchepetsa, ayenera kuwonjezera.

"Nkhuku, uwauze kuti asadandaule. A Padiri amamukonda mwanayu ngati wawo. Dzana lomweli anamusisita pamutu n'kunena kuti, 'Uyu ndi wathu.'"

"Wathu!"

"Pamaso pa anthu onse."

"Anamuyembekezera ndi iwo? Anamuyamwitsa ndi iwo? Chikuku chija anagona naye ndi iwo? Iwe nkhuku, uwafunse msanga ndisanakomoke: za mafuta zija zachitika kale?"

Mayi Violeta anali atanenanso pachitsime paja kuti munthu akangodzozedwa mafuta ndiye kuti zatha, sabwereranso. Koma mafuta amene Martinho ankawadziwa ndi a nsatsi okha, a m'botolo lalikulu la m'kabati mwake.

"Mafuta analandira, inde."

"Kalanga ine! Liti?"

"Mwezi watha."

"Pamutu?"

"Ayi, pakamwa."

"Kumwa?"

"Kachipande kodzaza. Ankakana, koma ndinamugwira mphuno."

"Anamugwira mphuno ndani?"

"Ine."

"Inenso! Paliponse ine! Atamwa anatani?"

"Anathamanga tsiku lonse."

"Kulowera kuti?"

"Kuseri, kumapeto kwa mpanda."

"Ankathawa! Mwana wanga ankathawa, ankafuna njira ya ku Lifidzi!"

"Ankabwerera yekha."

"Poti munamuzunguliza mutu ndi mafutawo!"

"Mutu unali bwinobwino," anatero Martinho mwachilungamo. "Madzulo ake anabwera kudzandithokoza. Anati akumva kupepuka ngati wabadwa kumene."

Mayi Rufina anabuula. Nkhuku inayesa kuimirira, inagwa chammbali, n'kungogona momwemo ngati yatopa ndi mlanduwo.

"Funso limodzi," anatero mayiwo ndi mawu otsika. "Uwafunse mwaulemu, poti si nkhani yokamba ndi apongozi. Atsikana aja amaphunzira kwa amayi a mipango yoyera kutsidya kwa mtsinje... mwana wanga amawayang'anako?"

Apa Martinho anaongola msana. Funso ili analikonda.

"Ngakhale pang'ono."

"Ngakhale ndi diso limodzi?"

"Lamulungu akamalowa m'tchalitchi, iye maso amakhala pansi. Ndimaima kumbuyo kwake kuonetsetsa."

"Palibe ngakhale kamtsikana komwe anakaponyera kamwala kumtsinje?"

"Analiko kamodzi chaka chatha. Ndinazithetsa."

"Anazithetsa ndani?"

"Ine."

"Asa! Atate ake pamsinkhu umenewu, malume anga anali atawathamangitsa kale ndi chibonga kuseri kwa nkhokwe yathu. Tsiku lotsatira anabweranso! Ameneyo ndiye anali mwamuna. Lero mwana wake maso pansi ngati wataya singano?"

"Ndi khalidwe labwino, mayi."

"Musandiyankhe ine, muziyankha nkhuku!"

"Ndi khalidwe labwino, nkhuku."

Kenako mawu a mayi Rufina anabwera ozizira kuposa mphepo ya m'mawawo.

"Tsopano ndaona. Iwe nkhuku, tawerengera. Mkanjo, apongozi. Lumo, apongozi. Mphuno, apongozi. Kamtsikana, apongozi. Ndinkati ndi a Padiri, kani njoka ili m'nyumba mwanga momwe. Akulu ananena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

"Uwafunse kuti ndaterereka pati."

"Lucinda ali ndi mlongo mmodzi. Mmodzi! Mbumba yanga mwini wake ndi Jacinto. Mlandu ukadzagwa, wokaimira alongo ake ndi iyeyo. Ana a Lucinda akadzakula, malume awo ndi iyeyo. Tsiku limene apongozi adzayambe kumuvuta mwana wanga, wodzawakhazika pansi n'kuwaloza chala ndi iyeyo. Ndiye munthu wochenjera waona patali, wati ndichotseretu chala chimenechi chikadali chaching'ono."

Mawuwo anamupweteka Martinho, chifukwa Lucinda ankamukonda ndi mtima wonse, ndipo Jacinto anamuzula matekenya ndi manja ake osanyansidwa.

"Uwauze kuti zala za Jacinto zilipo zonse. Ndinaziona dzulo powenga zikhadabo."

"Ha!"

"Ndiponso wanenepa."

"Nawenso nkhuku tinakunenepetsa, ukudziwa chifukwa chake. Basi, ndatopa. Uwafunse kuti munda wa kachewerewo uli mbali iti."

Thukuta linatuluka pamphumi pa Martinho pachisanu chonsecho. Akanena, mayiwo apita kukamugwira Jacinto padzanja, ndipo ezame yathera pomwepo. Akanama, wachimwa. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana nkhuku, koma onse awiri sanamuthandize.

"Uli kumunsi, kuseri kwa khola la nkhumba."

"Njira yake?"

"Ndi ino ndakhalayi."

"Uwauze achokepo ndidutse."

Ndipo apa, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, mwambo unamukomera Martinho. Malinga iye ali panjirapo, apongozi sakanatha kudutsa.

"Uwauze kuti miyendo yachita dzanzi."

"Akunama."

"Sindinama. Ndanjuta kuyambira paja."

"Aiwongole."

"Ndikaiwongola ndigwera mbali yawoyo."

"Ndizungulira kuseri."

"Kuseri kuli mpanda wa minga."

"Ndiye ndidutsa pomwepo chobwerera m'mbuyo. Wochita manyazi achite."

Martinho anamva nsalu ikukutumulidwa, kenako mapazi akukwekwereza pansi. Anasuzumira ndi ngodya ya diso n'kuona chidendene cha apongozi chikutulukira pangodya. Mayiwo ankabweradi chambuyo, nsalu kumaso, dzanja limodzi likupapasa khoma. Dzanzi linathera pomwepo. Martinho anayamba kusendera cham'mbali ngati nkhanu, nkhope ikadali kukhoma, osathawa kwenikweni komanso osapereka njira.

"Nkhuku, uwauze kuti kumbuyo kwawo kuli mtsuko!"

"Usweke!"

"Ndi wa a Padiri!"

"Ndiye usweke bwino!"

"Uwauze kuti adikireko a Padiri abwere, akambirane."

"Kuti andimwetse mafuta nanenso?"

"Mafuta timamwetsa ana okha. Akulu timayamba tawafunsa."

"Achoke panjira!"

"Mwanayo watsala pang'ono kumaliza, mayi! Sabata imodzi yokha, zonse zitheka!"

"Ndi zimene ndikukanazo! Zisatheke!"

Chidendene chinagunda mtsuko, mtsuko unagwa koma sunasweke, madzi anayenderera n'kukanyowetsa nkhuku, nkhuku inakuwa, ndipo m'phokoso limenelo lumbiro la mayi Rufina linaduka ngati luzi louma.

"Ine sindinabale mwana wamwamuna mmodzi kuti akhale padiri!"

Martinho anaima chilili.

"Padiri? Ndani?"

"Jacinto!"

"Jacinto sakhala padiri."

Mapazi aja anasiya kukwekwereza.

"Iwe nkhuku, uwafunse abwereze."

"Jacinto sakhala padiri. Ku seminaliyo, kumene amaphunzira unsembe, iye sakupitako. Akakhoza ezame akufuna akaphunzire za chipatala."

"Nanga osanena bwanji nthawi yonseyi?"

"Simunafunse."

Mayi Rufina anabwerera mbali yawo pang'onopang'ono, n'kukhala pansi mwamphamvu.

"Mkanjo uja?"

"Ndi wa anyamata othandiza pa misa. Misa ikatha amavula n'kuupachika pamsomali. Akadzamaliza shikola adzauvala wina."

"Kumeta?"

"Nsabwe. Tinameta nyumba yonse."

"Ndinafunsa kuti wamwalira ndani!"

"Nsabwe si munthu, mayi."

"Mafuta?"

"A nsatsi. Anadya magwafa osapsa, m'mimba munamangika."

"Ndiye kuthamanga kuja..."

"Inde."

"Kumapeto kwa mpanda..."

"N'komwe kuli zimbudzi."

Kuseri kwa ngodya kunayamba kumveka kaphokoso kachilendo. Martinho anachita mantha kuti apongozi akulira, koma kunali kuseka, kuseka kobisa m'nsalu, kosakanikirana ndi misozi ya munthu amene watula katundu amene anamusenza kuchokera ku Lifidzi.

"Iwe nkhuku," anatero mayiwo atapuma, "uwauze apongozi kuti mawu aja a mlamba ndabweza. Nsabwe za mwana wa eni sametera munthu wamba. Uwauze kuti zikomo."

Martinho anaomba m'manja katatu, mtima uli mbee. Chikwatire Lucinda, mawu okoma chotero anali asanawamvepo kuchokera mbali imeneyo ya khoma. Zikanathera pamenepo bwenzi tikuti tsikulo linali la madalitso. Koma mayi Rufina, akumanga nsalu kuti azinyamuka, anaponya kafunso kongocheza.

"Ndiye kuti chaka chino a Padiri sakutenga mwana aliyense?"

"Akutenga mmodzi."

"Kalanga amake. Wa yani?"

"Simão, wa mayi Violeta."

Nsalu inasiya kumangidwa. Nkhuku, imene inali kudzikutumula madzi, nayo inaima.

"Violeta wake uti?"

"Woyandikana nanu nyumba."

"Simão uja anachedwa kuyenda? Uja ankaopa mbuzi?"

"Yemweyo. Mbuzi anasiya kuziopa."

"Amake akudziwa?"

"A Padiri anawauza tsiku lija anabwera ku misa. Anavina pakhomo pa tchalitchi."

"Anavina! Ndiye kubwera pachitsime nkhope yachisoni, 'Pepani a Rufina, pepani.' Kani ankafuna ndibwere kuno ndi miyendo yanga ndidzadzimvere ndekha kuti wosankhidwa ndi wake! Mwezi wamawa azidzadutsa pakhomo panga khosi lili neng'a, amake a padiri! Iwe nkhuku, uwafunse: mwana wanga mutu alibe?"

"Ali nawo. Masamu amamuposa Simão."

"Chilatini chija?"

"Amamuposa."

"Kuimba?"

"Simão akayamba kuimba, a Padiri amatseka maso ngati dzino likuwawawa."

"Mkanjo umamukhala bwino ndani?"

"Jacinto. Simão amaupondaponda."

"Ndiye asiye wanga atenge wopondaponda? Kodi a Padiriwo maso awo ali bwino? Tamverani, apongozi..."

"Muziuza nkhuku, mayi."

"Nkhukuyo ndiye nkhani yake! Muitenge, mukaipereke kwa a Padiri, muwauze kuti yachokera kwa amake a Jacinto. Amusankhe."

Martinho anakanda m'mutu. Anabwereza mawuwo mumtima kuti aone ngati wamva bwino.

"Uwafunse ngati tsopano akufuna kuti Jacinto akhale padiri."

"Sindifuna."

"Nanga amusankhirenji?"

"Kuti ndikane."

"Kuti... mukane."

"Eya. Mwana wanga akanidwe ndi ine amake, osati ndi mzungu. Abwere a Padiri ku Lifidzi panjinga yawoyo, aime pabwalo Violeta akuona, apemphe, ine ndinene kuti toto. Kenako azikatenga Simão wawoyo, mudzi wonse ukudziwa kuti atola chotsala."

"Nanga akamusankha n'kukana kumubweza?"

"Ndibwera ndi nkhuku ina kudzamuwombola. Nkhuku ndili nazo."

"Ndiye iyi ndi yomulowetsera, inayo yomutulutsira."

"Mwayamba kumva tsopano."

"Koma a Padiri sayang'ana n'komwe mwana amene sanakhoze ezame."

"Ndiye akhoze! Amupose Simão mpaka mzungu wa ku Vilayo aimirire pampando. Pano sachoka. Ngakhale alire kuti ndikufuna amayi, mumugwire mphuno. Kumundako mwamutumiranji mwana woti alemba ezame sabata yamawa? Kachewere alemba ezame? Mukamutenge akhale pansi awerenge!"

Martinho anatulutsa mpweya umene anausunga kuyambira m'mawa. Koma chilungamo chinamuyabwa pakhosi, ndipo sanathe kuchimeza.

"Ndiye zomutenga zija zatha?"

"Zomutenga ziti?"

"Munati mwabwera kudzamutenga."

"Ananena ndani?"

"Inuyo, mayi. Poyamba paja. Munati zaka zipite m'madzi."

"Iwe nkhuku, unandimva ine ndikunena zimenezo?"

Nkhuku inajompha kanyerere pansi.

"Mwaona? Mboni yakana. Ine ndinabwera kudzaona ngati mwana akuwerenga. Tsono musandizunguze. Chimene ndikufuna kumva ndisanapite n'chimodzi. Masamu amatha, Chilatini amatha, mkanjo umamukhala. A Padiri anati chamulepheretsa n'chiyani? Ndipo munene zonse, musadikire kuti ndizichita kukutokosani ngati thekenya."

Martinho anapempherera mumtima kuti belu lilire, kapena nkhumba zithyole khola. Belu silinalire, ndipo nkhumba tsiku limenelo zinali zaulemu.

"Anati ndi mwana wabwino."

"Ndikudziwa. Pitirizani."

"Anati ndi wanzeru, ndiponso wachifundo."

"Ndinamulera ndine. Pitirizani."

"Koma anati wansembe amafunika kumvera, pamene Jacinto... ndi wamakani."

"Wachiyani?"

"Wamakani. Anati akagwira chinthu sataya, ngakhale umuonetse kuti wagwira cholakwika. Sayamba wafunsa, amafika atapsa kale mtima. Ndiye ukamugonjetsa, amatembenuka n'kunena kuti iye sananenepo zimenezo, ndipo amafuna mboni."

"Bodza!"

"Sindinama, mayi."

"Si inu, a Padiriwo! Makani? Mwana wanga? Nyumba yanga muja simunalowepo makani chibadwire. Atate ake, Mulungu awasunge, atangondikwatira anafatsa ngati nkhosa, sanayankhepo munthu mpaka kumanda. Lucinda mukumudziwa nokha. Iwe nkhuku, uwafunse apongozi, poti iwo amayankha chilichonse ndipo sanama: makani amenewo mwanayu akanawatengera kwa ndani?"

Martinho anayang'ana chidendene cha apongozi chimene chinkaonekerabe pangodya, chikugunda pansi kudikira yankho. Kenako anatambasula dzanja, ananyamula nkhuku ija mosamala n'kuiika m'khwapa, n'kuiuza motsitsa:

"Uwauze kuti funso limenelo mu katekisimu mulibe."